WI-FI IKAMADUKADUKA PAKHOMO: TIFUFUZE TISANALOZANE ZALA

 M'kope lino tafuna tikambirane za kabokosi kaja kamene kalowa m'nyumba zambiri masiku ano, kamene timakatchula kuti rauta, ndi vuto lake lodziwika bwino loti intaneti imangodukaduka. Ena angaione nkhaniyi ngati yaing'ono. Koma taganizani mwana akulemba ntchito ya kusukulu yofunika kutumizidwa usiku womwewo, mayi akulankhula ndi mwana wawo amene ali ku Johannesburg, bambo akudikira uthenga wa pa malonda, kenaka zonse zii! Chotsatira chake ndi kulozana zala. Bambo akuti ana amaliza bandulo ndi mafilimu, ana akuti a nyumba yoyandikana nafe akutibera, ndipo mawa lake ndalama ya ndiwo yapita ku bandulo ina pamene vuto likadali pomwepo. Kumuganizira munthu zoipa popanda umboni kumaononga ubale, choncho tiyambe tadziwa pamene pali matenda enieni.

Choyamba tiyenera kumvetsa kuti intaneti imayenda maulendo awiri isanafike m'foni mwathu. Ulendo woyamba umachokera pa nsanja ya kampani ya mafoni, kapena pa chingwe cha kampaniyo, kudzafika pa rauta. Ulendo wachiwiri umachokera pa rauta kufika pa foni kapena kompyuta yathu, ndipo ulendo wachiwiriwu ndiwo umatchedwa Wi-Fi. Tiyerekeze ndi madzi a pampope. Pali paipi yobweretsa madzi pakhomo, palinso ndowa imene timatungira kupita nayo m'nyumba. Madzi akasowa mumtsuko, mwina pampope pauma, mwinanso ndowa ndiyo yabooka. Munthu amene akumata ndowa pamene pampope pauma akungodzivuta.

Kudziwa ulendo umene wasokonekera sikovuta. Intaneti ikaduka, yang'anani pamwamba pa foni yanu. Ngati kachizindikiro ka Wi-Fi kasoweratu, kapena katsala kamzere kamodzi, vuto lili pakati pa foni ndi rauta. Koma ngati kachizindikiroko kali kodzaza bwinobwino pamene uthenga sukupita, kapena pambali pake pali kachizindikiro kochenjeza, ndiye kuti foni ndi rauta zikumvana, koma rauta yasowa chopereka. Pamenepo yang'anani timagetsi ta pa rauta, makamaka toonetsa mphamvu ya netiweki. Mukatero dzifunseni mafunso atatu awa: kodi yaduka kwa aliyense kapena kwa munthu mmodzi yekha? Kodi imaduka paliponse kapena m'chipinda chimodzi? Kodi imaduka nthawi iliyonse kapena ili ndi nthawi yake? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Lembani pa pepala kwa masiku atatu nthawi imene yadukira ndi malo amene munali, ndipo mudzaona kuti vutoli lili ndi njira yake imene limatsata.

Tiyambe ndi pamene yaduka kwa onse nthawi imodzi. Musanachite china chilichonse, funsani bandulo imene yatsala ndi tsiku limene ikutha, pakuti bandulo imatha ngakhale musanaimalize ngati masiku ake akwana. Kumbukiraninso kuti pali mabandulo ena a WhatsApp kapena Facebook basi, moti mauthenga amayenda koma masamba ena onse amakana. Ngati bandulo ikutha msanga modabwitsa, nthawi zambiri wakuba sali kunja kwa mpanda ayi. Mafoni ndi makompyuta akangolumikizidwa ku Wi-Fi amayamba okha kukoka zinthu zatsopano zokonzera mapulogalamu awo ndi kutumiza zithunzi kosungira, mwini wake ali m'tulo. Zimenezi zingathe kuletsedwa m'foni iliyonse, ndipo ndi bwino banja lonse likhale pansi n'kuchitira pamodzi.

Bandulo ikakhala kuti ilipo, ganizirani za magetsi. Rauta ikaphethira magetsi ngakhale kamphindi kochepa, imazima n'kuyambanso, ndipo imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti ibwerere m'malo mwake. Mukaona timagetsi take tonse tazima kenaka tikuyaka kamodzikamodzi, dziwani kuti izi ndi zimene zachitika. Onani ngati pulagi yagwira bwino pakhoma, ndiponso ngati tchaja imene mukugwiritsa ntchito ndi yomwe inabwera ndi rautayo. Kunsi kwa rauta kumalembedwa mphamvu imene imafuna, ndipo zambiri zimafuna 12V. Tchaja yobwereka yosakwana mphamvu imayatsa timagetsi ndithu, koma anthu akachuluka rauta imafooka n'kuzima. Kumene magetsi amathimathima, kabatire kakang'ono kosungira mphamvu ya rauta kamathandiza kwambiri. M'nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba, zulani pulagi.

Kutentha nakonso ndi mdani. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, rauta imene yaikidwa pa dzuwa, pamwamba pa TV, kapena yofunditsidwa kansalu kokongoletsa kuti isadetsedwe ndi fumbi, imatentha n'kuyamba kudula anthu. Ichotseni kansaluko, ipukuteni fumbi m'timabowo take, ipume mpweya. Amene muli ndi ka MiFi ka m'thumba, musakasiye pa tchaja usana ndi usiku. Batire lake likatupa mpaka chivundikiro kukana kutseka, lichotseni msanga chifukwa likhoza kuyambitsa moto.

Tsono ngati imachedwa kapena kuduka madzulo okhaokha, anthu ataweruka ku ntchito, pamene m'mamawa imathamanga bwino, rauta yanu ilibe mlandu. Nsanja imodzi imatumikira dera lonse, ndipo onse akafika pa chitsime nthawi imodzi aliyense amatunga pang'ono. Chimene mungachite ndi kusendeza rauta ya simukhadi pafupi ndi zenera loyang'ana kumene kuli nsanja, pamalo okwera, ndi kusiya zokoka zikuluzikulu kuti zichitike m'bandakucha. Amene ali ndi mbale ya Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, aonetsetse kuti nthambi za mitengo sizikuphimba kumwamba kumene mbaleyo yayang'ana, ndipo asadabwe ikadukiza pa mvula yamphamvu.

Tibwere ku funso lachiwiri, la malo. Wi-Fi ndi mafunde a wailesi, ndipo amafooka akamadutsa m'zinthu. Khoma la njerwa zootcha kapena la simenti limadya mphamvu yambiri, chitsulo ndi malata zimawabweza, kalilole wamkulu ndi mgolo wa madzi zimawatchinga. Rauta yobisidwa m'kabati kuopa ana, kapena yoikidwa pansi kuseri kwa firiji, ili ngati nyali yovundikiridwa ndi dengu. Ikwezeni pa shelefu, pamalo oonekera, chapakati pa nyumba. Ngati ndi ya simukhadi, sankhani zenera la chipinda chimene chili chapakati kuti maulendo awiri aja onse apindule.

Marauta ambiri a masiku ano amaulutsa pa mafunde a mitundu iwiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. A 5 GHz ndi aliwiro koma safika patali ndipo makoma amawagonjetsa msanga. A 2.4 GHz ndi odekha koma amafika mpaka kukhonde. Choncho wokhala pafupi ndi rauta asankhe a 5, wa kuchipinda chakumapeto asankhe a 2.4. Rauta zina zimaphatikiza mitundu iwiriyi pa dzina limodzi, ndipo foni imene ili m'malire imangodumphadumpha uku ndi uku, kuduka nthawi iliyonse ikadumpha. Kuipatsa mitunduyi maina osiyana kumathetsa vutoli. Dziwaninso kuti mafunde a 2.4 GHz ali ndi alendo ambiri. Mayikulowevu ya kukhitchini imagwira ntchito pa 2.45 GHz, zomvera m'makutu za Bluetooth zilinso momwemo, ndipo m'nyumba zogundizana za lendi marauta a anansi amaphimbana mawu. Mafundewa anagawidwa m'tinjira ta manambala, ndipo tinjira tosalowerana ndi 1, 6 ndi 11. Yesani kamodzi mwa itatuti kwa tsiku lathunthu musanasinthe.

Kuti musinthe zimenezi muyenera kulowa m'tsamba la rauta yanu. Lumikizani foni, tsegulani potsegulira masamba a intaneti, lembani nambala imene yasindikizidwa kunsi kwa rauta. Kawirikawiri imakhala 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. M'tsamba lomwelo mupezamo mndandanda wa zipangizo zonse zimene zalumikizidwa, ndipo apa ndi pamene nkhani ya anansi ija imathera. Werengani mafoni a m'nyumba mwanu muone ngati pali mlendo. Akapezeka, musathamangire kukagogoda pa chitseko cha munthu. Kuyambira pa Android 10, imene inatuluka mu 2019, foni yolumikizidwa kale ikhoza kuonetsa kachithunzi ka QR kamene mnzake amangokajambula n'kulowa, moti mwana akhoza kugawira mnzake mwa chifundo chabe osadziwa kuti bandulo ndi ndalama. Sinthani mawu achinsinsi, akhale a zilembo ndi manambala osachepera 12, osati dzina la mwana kapena nambala ya foni. Pa chitetezo sankhani WPA2 kapena WPA3, musasankhe WEP imene inathyoledwa kalekale. Ngati mwafuna kuthandiza mnansi, gwirizanani poyera za nthawi ndi za ndalama. Kumbukiraninso kuti ka MiFi kali ndi malire a zipangizo zimene kangalandire, olembedwa m'kabuku kake, ndipo malirewo akakwana wobwera pambuyo amakanidwa.

Chatsala ndi pamene yaduka kwa munthu mmodzi yekha. Apa vuto lili m'foni mwake. Aizimitse n'kuiyatsanso. Achotse posungira batire, pakuti mafoni ena amadula Wi-Fi pofuna kupulumutsa moto. Zikakanika, auze foniyo kuti iiwale netiweki ya pakhomo, kenaka alowenso mwatsopano ndi mawu achinsinsi.

Chenjezo limodzi tisanatsirize. Kuzimitsa rauta kwa theka la mphindi n'kuiyatsanso ndi mankhwala abwino osaopsa. Koma kuseri kwake kuli kabowo kolembedwa Reset, ndipo kukabaya ndi singano kumafufuta zonse zimene munakonza, dzina ndi mawu achinsinsi omwe. Musakakhudze musanalembe zonsezo pa pepala. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, kuti chikachiza mudziwe kuti ndi chiti. Mukayesa zonsezi koma osaphula kanthu, ikani simukhadi ya rautayo m'foni muone ngati ikugwira. Ikagwira bwino pamalo omwewo, rauta ndiyo yatopa. Ikakananso, pitani ku ofesi ya kampani yanu ndi pepala lanu la masiku atatu lija, pakuti wodandaula ndi umboni amamveka msanga kuposa wongonena kuti sizikuyenda. Safunsa anadya phula.

Tikupempha makolo kuti ntchito yofufuzayi muziichita pamodzi ndi ana anu. Iwo zala zawo n'zozolowera mafoni, inu muli ndi kudekha ndipo mukudziwa kumene ndalama ya bandulo imachokera. Amene muli ndi mafunso ena pa nkhaniyi tilembereni kudzera kwa mkonzi, ndipo tidzayankha m'kope likubwerali. Tsalani bwino.