Lesitilanti ya pamadzi? Funsani kaye za chingwe

Sabata yatha mlamu wanga anandipeza pabenchi ndikusanja tomato, iye chikwama cha mapepala chili kukhwapa. Ati iye ndi anzake aitulukira nzeru: akufuna kukhoma lesitilanti yoyandama pamtsinje wa Shire, patauni ya Liwonde, anthu azidya chambo uku akuonerera mvuu. Ati aliyense asonkhe kangachepe, pakutha pa chaka tigawana phindu.

Ine ndinangoti, "Alamu, takhalani apa kaye, ndikusimbireni za ku America."

Kumeneko kuli chimtsinje chotchedwa Ohio. Tsidya lino kuli mzinda wa Cincinnati, tsidya linalo kuli Covington. Pagombe la Covington panali lesitilanti yoyandama yotchuka zedi, dzina lake Waterfront. Mwini wake, a Jeff Ruby, ndi katakwe pa geni ya zakudya, osati wophunzira kumene ayi. Odyamo anali anthu a ndalama zawo.

Usiku wa pa 11 Malichi 2011, mtsinje utadzaza, lesitilanti ija inamasuka pomwe anaimangirira nkuuyamba ulendo, anthu 83 ali mkati, mbale zili patebulo. Mwayi wake inakatsakamira pamlatho wa Clay Wade Bailey, chapafupi pomwepo. Ozimitsa moto anatulutsa anthuwo mmodzimmodzi, ndipo palibe anafa. Koma geni inafera pomwepo, chitseko sichinatsegulidwenso. Mu Febuluwale 2014 madzi oundana anaikokolanso, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho inamira komwe anakaikocheza.

Mlamu ati, "Aaa, limenelo linali tsoka chabe." Chabwino, nanga Jumbo ya ku Hong Kong? Iyo inali padoko la Aberdeen, inatsegulidwa mu 1976, ndipo munkakwana anthu oposa 2,000 nthawi imodzi. Ngakhale Mfumukazi Elizabeth II anafikamo. Koma kuyambira 2013 inkangoluza, ndipo mu 2020 inatsekedwa kamba ka mliri wa Covid-19. Eni ake anayesa kuipereka ulere, wolandira panalibe. Ulere, anthuni! Chifukwa? Aliyense anaopa ndalama zoisamalira. Mu Juni 2022 anaikoka kuichotsa padoko, ndipo patangopita masiku ochepa inagadabuzika panyanja.

Apa ndiye pagona nkhani. Okala yanu ya pamtunda mukhoza kuikhoma loko, nkupita kumudzi kukakolola mwezi wathunthu, mudzaipeza ili pompo. Chombo sichitero ayi. Chitsulo chimachita dzimbiri, madzi amalowa pansi, pafunika pampu, mlonda, zingwe zatsopano, penti, inshuwaransi, komanso ziphaso za boma. Kasitomala abwere asabwere, chombo chikudya ndithu. Chili ngati ng'ombe ya m'khola: ngakhale isakamidwe, msipu ikufuna.

Ndipo Shire wathuyu naye ali ndi khalidwe lake. Namasupuni amabwera ali mulu, nkukola chilichonse chili panjira. Pa Liwonde pomwepo pali Kamuzu Barrage, pomwe amatsegula ndi kutseka madzi poganizira magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, osati nsima ya makasitomala anu. Mu 2024 nyanja itakwera, madzi analowa m'malo ogona alendo ambiri ku Mangochi, omangidwa ndi njerwa pamtunda. Akuluakulu sananame, madzi saiwala khwawa.

Musandimve molakwa. Sindikuti nzosatheka. Ku Cairo, pamtsinje wa Nile, malesitilanti otere alipo ambiri ndipo anthu amadyamo usiku ndi usana. Chomwe ndikukana ine nkuponya mpamba wa tomato, wa kaunjika kapena ndalama ya chipereganyu pachithunzi chokongola cha papepala.

Tsono akakupezani, afunseni izi. Gombe lomangirirapo chombo ndi la yani, ndipo pepala lake lili kuti? Khonsolo ikati chokanipo, mulowera kuti? Ndi kampani iti ya inshuwaransi yavomera, ndipo ikulipira chikamira kapena munthu akagwera m'madzi? Zonyansa za kuchimbudzi ndi kukhitchini zizipita kuti, poti kumunsi anthu amatunga madzi omwewo? Miyezi yomwe mtsinje wakwiya, malipiro a antchito achokera m'thumba mwa yani? Ndipo ine ndikafuna ndalama yanga ya fizi mu Januwale, gawo langa agula ndani?

Mlamu wanga anayankhapo funso limodzi lokha, la fizi. Ati, "Zimenezo tidzaona konko." Ndinamupatsa tomato atatu a basela, mpamba wanga nkuubwezera m'kathumba. Ati abweranso ndi mapepala ena Loweruka. Abwere, ndiwawerenga bwinobwino. Likakhalapo la gombe, tikambirana.

Tionana sabata ya mawa, gulitsani bwino.