Madzi Ali Kubafa

M'mwezi wa Ogasiti, chisanu chitayamba kutha ndipo fumbi likuwuka m'misewu, mwana wa mlongo wanga, amene akhala ku Leicester m'dziko la Britain, anadza kudzationa pamodzi ndi mnyamata wake wa zaka 9. Ndipo ine, amene ndinalera ana asanu, ndi kuwatuma kuchigayo, kudimba ndi kumsika popanda ndi mmodzi yemwe wondibwezera mawu, ndinatsala pang'ono kudzichotsera ulemu pamaso pa mlendo wamng'onoyo.

Mlandu wake unali wa nsapato. Tinali pa ulendo wa kunyanja, umene mnyamatayo anaulirira sabata yathunthu, ndipo galimoto litaima pakhomo ndinati, "Iwe, vala nsapato tizipita." Iye anayamba ndi kutama chipewa changa. Nditabwereza, anandifunsa ngati ng'ona zimagona usiku. Nditakweza mawu, anati miyendo yake yafa, nasanduka mphaka, nalowa kunsi kwa tebulo. Ndipo pamene ndinam'gwira pamkono, anakuwa ngati wolumidwa ndi njoka, thukuta lili kamukamu, thupi lonse likunjenjemera. Mumtima mwanga mlandu ndinali nditagamula kale: nkhutukumve, mwana wamwano, wosadziwa mkwapulo.

Mayi wake anandiitanira kuseri nanena motsitsa mawu, "Amalume, si mwano ayi. Kunyanjako akufunitsitsa kuposa tonsefe. Koma mwamulamula, ndiye zamukanika."

Mnyamatayo ali ndi autism, ndiko kubadwa ndi ubongo umene umva, uona ndi kuyanjana ndi anthu mwa njira yakeyake. Koma pakati pa anthu otere alipo ena amene ku Britain amati ali ndi Pathological Demand Avoidance, mwachidule PDA, kunena kuzemba kopitirira muyeso chilichonse chimene munthu wauzidwa kuti achite. Dzinali analipeka ndi Elizabeth Newson, katswiri wa kakulidwe ka ana pa yunivesite ya Nottingham, amene m'zaka za m'ma 1980 anaona kuti ena mwa ana obwera nawo kwa iye, ngakhale anafanana ndi ana a autism, anali ochezeka pamaso, okonda masewera oyerekeza kukhala munthu wina kapena nyama, ndiponso akatswiri pa kusokoneza nkhani ndi kupereka zifukwa, zonsezo pofuna kupewa tinthu ta tsiku ndi tsiku monga kuvala, kudya ndi kusamba. M'chaka cha 2003 iye ndi anzake awiri anasindikiza zimene anapeza pa ana 150.

Kunena zoona, anzeru sanamvane pa nkhaniyi kufikira lero. PDA mulibe m'mabuku awiri aakulu amene madokotala amatsata potchula mavuto a mtundu uwu, DSM-5 ndi ICD-11. Ena amati ndi maonekedwe amodzi chabe a autism osakanikirana ndi nkhawa, ndipo Damian Milton, wophunzira kwambiri amene iye mwini ali ndi autism, amatsutsa, ponena kuti munthu wothawa chinthu chomusautsa asamatchedwe wodwala, popeza kuthawako kuli ndi nzeru yake. Mkangano wa dzina ndiwasiyira eni ake. Chimene ndinaona ine kunsi kwa tebulo langa chinali mantha, ndipo pa mantha amenewo ambiri a iwo agwirizana: kuti lamulo, lingachepe bwanji, limugwera munthu wotere monga khwekhwe pakhosi, kotero kuti amakana ngakhale chimene mtima wake ukhumba, ngakhale njala ya m'mimba mwake yomwe ikamuuza kuti adye, ndipo kum'tama kuti wachita bwino lero nthawi zina kumam'lemera, pakuti amamva ngati akum'kongoza za mawa.

Apa mpamene nzeru yathu ya makolo iyesedwa. Ife timati m'mera mpoyamba, ndipo kutuma mwana timakuyesa chikondi ndi maphunziro, monga kulidi kwa ana ochuluka. Sindikunena kuti mwana aliyense wokana kutunga madzi ali ndi PDA, pakuti ulesi ndi matukutuku sizinathe padziko. Koma kwa uyu, mkwapulo ungowonjeza nkhuni pamoto, ndipo ngakhale malonjezo a masiwiti, amene amathandiza ana ena, kwa iye ali lamulo lomwelo lovala malaya atsopano.

Usiku umenewo mayi wake anandifotokozera mmene amakhalira naye: kuti amasankha nkhani zofunika kulimbana nazo, monga za moto, msewu ndi mankhwala, zotsalazo nazilekerera, kuti amam'patsa zinthu ziwiri asankhepo yekha, kuti sanena "kasambe", koma amangotchula kuti madzi afunda, nachokapo, kuti akaona nkhawa ikukwera amachepetsa mawu, nadikira. Ndipo ndili kumvetsera, ndinagwidwa ndi manyazi pamodzi ndi chimwemwe, pakuti ndinazindikira kuti luso limene iye anakaliphunzira kutsidya kwa nyanja ndi lomwe amayi anga ankalichita tsiku ndi tsiku pakhomo pathu. Ndani mwa ife anauzapo apongozi ake kuti "kasambeni"? Timagwada poteropo ndi kunena kuti, "Madzi ali kubafa." Kwa mfumu sitinena "idyani", timati nsima yafika. Mlendo wolemekezeka sitim'lamula kukagona, koma timam'dziwitsa kuti pogona takonza, ndipo iye amanyamuka pa nthawi yake, ulemu wake uli wosathyoka. Chilankhulo chimenechi tinachisungira akuluakulu okha, poganiza kuti mwana alibe ulemu woti n'kuusamala; koma chikusonyeza kuti tidziwa kale kum'siyira munthu khomo lotulukira, kuti chochitacho chikhale chake.

Wina adzati, kodi tiyambe kugwadira ana? Iyayi. Amene apatsa wopunduka mwendo ndodo sanam'longe ufumu. Ndipo ndiyenera kuchitira umboni kuti njirayi ndi yotopetsa: mayi uja amagona mochedwa, amapirira maso a anthu m'basi ndi m'tchalitchi, ndipo chimene chinathandiza Lolemba chimakana Lachiwiri. Abale akafuna kum'thandiza, ayambe ndi kuleka kum'weruza, pakuti iyenso wasenza katundu wokwanira.

M'mawa mwake tinayesanso ulendo uja. Ndinatenga nsapato zake ndi patapata, ndi kuziika pakhonde popanda kum'yang'ana, ndipo ndinauza galu wanga mokweza kuti mchenga wa ku Salima umatentha masana, ndi kuti sindidziwa ngati mphaka angaupirire wopanda kanthu kumapazi. Kenaka ndinakakhala m'galimoto, ndi kukumbukira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Panapita mphindi ngati 20. Anatulukira atavala patapata kumwendo umodzi, nsapato kumwendo winawo, nakhala pambali panga, nandifunsanso za ng'ona zija.