Mphini za agogo, tattoo ya mdzukulu

Mwezi watha tinali kumudzi kokamanga chiliza cha mlongo wanga. Mwana wake woyamba, muphwa wanga, anabwera kuchokera ku Joni komwe wakhala zaka 6 akuwotcherera zitsulo. Maliro a mayi ake sanawaone. Nthawi imeneyo mapepala ake anali asanalongosoke, ndipo akanatuluka m'dzikomo sakanabwererakonso. Anangotumiza ndalama za bokosi n'kulira yekha m'kachipinda ka lendi. Ulendo uno simenti yonse anagula ndi iye, ndipo anakana kuti wina amukandire. Dzuwa litafika paliwombo, anavula shati n'kuikoleka pamtengo. Apo m'pamene tinaona. Pamkono wake wamanzere panali dzina la mayi ake, chaka chimene anabadwa, chaka chimene anatisiya, ndi nkhunda yotambasula mapiko.

Kumanda kuja kunangoti zii. Bambo wina amene foni yake inali pamwala anaitola n'kuiika m'thumba. Mkulu wina wa mpingo anandikokera pambali n'kunena motsitsa mawu kuti, "Inu ndinu mwinimbumba, mwaziona zimenezi? Mwanayu walowa gulu." Pomafika kunyumba masana, nkhani inali itatitsogolera kale. Amayi ali pamafuwa ankangoti, "Joni wamuwononga mwana."

Ndikuvomera kuti nanenso ndinachita manyazi. Ndinapita kukamunong'oneza kuti avale shati. Anandiyang'ana, osayankha, anavala, n'kupitiriza kukanda simenti thukuta lili kamukamu. Maso amene anandiyang'ana nawo aja sanandichokebe mumtima.

Pa tonse tinali pamanda paja palibe amene anawerenga zimene zinalembedwa pamkonopo. Tinangoona inki, mlandu n'kutha. Ndi mmene timachitira kuno kwathu. Mnyamata wa tattoo timati ndi wakuba, wosuta chamba, wotuluka kundende. Akakhala mtsikana ndiye chiweruzo chimakula: woyendayenda, wa m'mabala, sangasunge banja. Onse awiri tikawaphatikiza timati ndi asataniki. Mu minibasi mayi amafumbata kachikwama kake akaona mkono wotere ukugwira mpando wakutsogolo. Mwininyumba amati nyumba yatengedwa kale. Ankhoswe amayamba kutsokomola. Ndiye muwaone achinyamatawa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, atavala malaya a mikono yaitali omanga mpaka pakhosi popita kukafunsira ntchito.

Tikafunsidwa chifukwa chake, timati n'zachilendo, n'zachizungu, si chikhalidwe chathu. Apa ndiye ndimakana. Ife ndife mtundu wa mphini. Mayi anga, agogo ake a mnyamatayu, ali nazo m'masaya ndi pamphumi, timizere tating'ono tondondozana bwino ngati mizere ya m'munda wa mlimi waluso. Anawatema ali namwali. Mayi wodziwa ntchitoyo ankatsina khungu, kulicheka pang'ono ndi lumo, kenaka n'kutikitapo makala osinja kuti pakapola padere. Zina zinkatemedwa pamimba ndi m'ntchafu, zoti aone mwamuna wake yekha, pamodzi ndi mikanda ya m'chiuno. Mtsikana wopanda mphini ankasekedwa ndi anzake kumadzi. Mwambi uja timaukonda, wakuti mphini yobwereza ndiyo imawala, mukuganiza kuti unachokera kuti? Abusa amaunena paguwa akafuna kubwereza mfundo, aphunzitsi amaunena m'kalasi, koma tikuiwala kuti anaupeka ndi anthu amene ankaona mphini ngati chinthu chofunika kuwala. Kwa anzathu Amakonde a kumpoto kwa Mozambique, nkhope yonse inkakhala yolembedwa, amuna ndi akazi omwe, ndipo munthu ankadziwika nazo kuti ndi wa kwawo.

Palinso mphini zina zimene sitikonda kuzitchula. Ndi angati mwa ife amene tikavula jekete ndi tayi tili ndi timizere takuda pachifuwa, pamsana, m'mawondo kapena m'mbali mwa mutu? Ena anatitema tili makanda chifukwa cha kudwaladwala, ena tinapita tokha kwa sing'anga usiku kukakhwima. Mkulu wa mpingo amene anandikokera pambali uja tinakulira limodzi, tinkasambira dziwe limodzi, ndipo msana wake ndimaudziwa. Sindikumunena. Makolo ake anamutemera chifukwa chomukonda, ankafuna kuti mwana wawo akhale moyo. Ndikungoti khungu lake ndi la muphwa wanga onse anadutsapo mpeni ndi chakuda, ndipo onse awiri chifukwa chake chinali chikondi.

Mchitidwe umenewu ndi wakale kuposa mmene timaganizira. Mu 1991, m'mapiri a Alps kumalire a Italy ndi Austria, anthu anapeza mtembo wa mwamuna wosungika m'madzi oundana, amene anamutcha Ötzi. Anakhalako zaka zoposa 5,000 zapitazo. Pathupi pake anawerengapo mphini 61, zambiri zili timizere takuda kumunsi kwa msana, m'mawondo ndi mu akakolo, malo amene mafupa ake ankaoneka kuti anali atatha. Akatswiri ambiri amaganiza kuti zinali zochizira ululu. Agogo aliyense wa kwathu akanangoona kamodzi n'kunena kuti munthuyu ankavutika ndi nyamakazi.

Tsono mantha athuwa anachokera kuti? Mbali ina ndi yoona, ndipo sindingaibise. M'ndende za ku South Africa, monga ya Pollsmoor ku Cape Town, muli magulu a akaidi odziwika ndi manambala 26, 27 ndi 28, ndipo amadzilemba zizindikiro za gulu lawo pathupi, nthawi zina ndi kumaso komwe. Abale athu amene apita ku Joni anawaona anthu amenewa, ena anaberedwa nawo, ndipo nkhani zawo zinafika kumudzi. Mafilimu nawo anatiphunzitsa kuti chigawenga chimadziwika ndi mikono yolembalemba. Koma ganizo lakuti munthu wolembedwa pathupi ndi chigawenga lili ndi mwini wake. Mu 1876 dokotala wina wa ku Italy, Cesare Lombroso, anatulutsa buku lonena kuti chigawenga chimachita kubadwa, ndipo ungachidziwe poona chibwano chake, makutu ake ndi ma tattoo ake. Ankati zizindikirozo zikusonyeza kuti munthuyo wabwerera ku khalidwe la mitundu imene iye ankaiona ngati yotsalira. Mitundu imeneyo ndife. Asayansi anazitaya kalekale mfundo zakezo, koma maganizo ofanana nawo anali atafika kale kuno kudzera m'sukulu ndi m'mamishoni, kumene atsikana anauzidwa kuti mphini n'zachikunja. M'badwo wa mayi anga ndi womaliza kutemedwa. Ndiye pakati pa mphini ndi kunyansidwa ndi mphini, chimene chinabwera pa sitima ndi chiti?

Amaori a ku New Zealand anadutsa njira yomweyi, koma iwo anabwerera kukatola chimene anataya. Mu 2020 Nanaia Mahuta anakhala nduna yoona za ubale wa dzikolo ndi mayiko ena, ali ndi zizindikiro za makolo ake pachibwano, ndipo ankakumana ndi atsogoleri a mayiko nkhope ili yomweyo. Ife tikajambula agogo a mphini timakaika chithunzicho kumyuziyamu, mdzukulu wawo n'kumuuza kuti avale shati.

Pali ena amene amakana tattoo chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo amenewa ndimawalemekeza. Amatchula Levitiko 19:28, pamene Aisraeli analetsedwa kudzicheka polira akufa ndi kudzilemba zizindikiro pathupi. Munthu amene wawerenga pamenepo n'kusankha kusadzilemba wachita bwino potsata chikumbumtima chake. Komabe mutu womwewo uli ndi malamulo okhudza kameteledwe ka ndevu ndi kuvala nsalu ya ulusi wa mitundu iwiri, ndipo sindinamvepo munthu akutchedwa wasataniki chifukwa cha ndevu zake. Akhristu a mpingo wa Coptic ku Egypt, umodzi mwa mipingo yakale kwambiri mu Africa muno, amalemba kamtanda kakang'ono padzanja, ngakhale pa ana, kuti adziwike kuti ndi a Khristu m'dziko limene iwo ndi ochepa. Mungatsutsane nawo pa kamasuliridwe ka vesilo. Koma vesilo silinena paliponse kuti wolembedwa pathupi ndi wakuba foni.

Chimene chimandiopsa n'chakuti dziko lathu lili ndi mbiri yoweruza munthu poona kunja, ndipo chiweruzo chotere sichithera pakamwa. Mu 1973 boma la Kamuzu linakhazikitsa lamulo loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna a tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza. Lamulolo linatha pamene tinkalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri, koma mtima wake unatsala. Mu Januwale 2012 anyamata ena m'misika ya ku Lilongwe ndi Blantyre anavula akazi pagulu chifukwa chovala mathalauza. Ana a Chirasta anakhala zaka akubwezedwa pazipata za sukulu za boma chifukwa cha tsitsi, mpaka mu Meyi 2023 pamene jaji Zione Ntaba wa Khoti Lalikulu ku Zomba anagamula kuti aloledwe kuphunzira. M'dziko limene mphekesera yokha imatha kusonkhanitsa khamu la miyala m'manja, kutcha mnyamata wasataniki chifukwa cha nkhunda ya pamkono si nkhani yocheza nayo.

Pali zimene ndikanamuuza muphwa wanga akanandifunsa asanapite kokalembetsa, ndipo ndikuwauza achinyamata onse. Singano imene yalowa m'thupi la wina isalowe mwa iwe, chifukwa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C amadutsira momwemo, monganso lezala limodzi la sing'anga likatemera mudzi wonse. Anyamata ojambula kuseri kwa shopu ndi makina opanga okha ndi inki ya bolopeni akusewera ndi magazi a anzawo. Chachiwiri, chibwenzi chimatha koma dzina la chibwenzi pakhosi silitha, ndipo kulifufuta n'kodula ndiponso kowawa kuposa kulilemba. Malangizo amenewa ndi a malume kwa muphwa wake. Kumunong'oneza kuti abise dzina la mayi ake pamanda a mayi akewo sanali malangizo, ndipo ndinamupepesa.

Madzulo a tsiku lomwelo, anthu atabalalika, mayi anga anamuitanitsa pakhonde. Maso awo anachita khungu pang'ono, koma makutu ndi akuthwa, ndipo manong'onong'o onse a pamafuwa anali atawamva.

"Amuna anga, tabwerani kuno. Akuti mwatemedwa mphini za ku Joni. Tavulani ndione."

Anavula n'kugwada pafupi nawo. Anayendetsa chala pamkono ponse, pang'onopang'ono, kuchokera paphewa mpaka pachigongono.

"Zosalala chonchi? Zathu zinkatupa. Anakutemani ndani? Ali ndi dzanja labwino." Kenaka anagwira chala cha mdzukulu wawo n'kuchiika patsaya pawo. "Izi ndinalira nazo masiku atatu."

Mayi anga sanapite kusukulu. Anafunsa kuti mizere yokhotakhotayo ikutanthauza chiyani. Mnyamata uja anameza malovu, n'kuwawerengera dzina la mwana wawo wamkazi. Sanayankhe kanthu. Anaugwira mkono uja ndi manja onse awiri n'kuuika pamiyendo pawo, ndipo nsima itabwera anakana kuusiya, mpaka inazizira.