Alamu ikalira usiku, musathamangire kuchotsa batire

Nyengo yozizira yafikanso, ndipo ife ogwira ntchito m'zipatala tikudziwa zimene imabwera nazo: chibayo mwa ana, mabala a moto, komanso mabanja obwera nawo m'bandakucha onse ali lefu, ena atakomoka, chifukwa anagona ndi mbaula m'nyumba. Ku Dedza, ku Mzuzu kapena ku Thyolo chiperoni chikagwa mu June ndi July, ndani safuna kulowetsa moto kuchipinda?

Chatsopano n'chakuti m'nyumba zina, makamaka m'tauni, mwayamba kupezeka tizipangizo tochenjeza za utsi ndi za mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Ena amagula m'sitolo, ena amatumiziridwa ndi abale a ku Joni kapena ku Britain. Izi n'zabwino. Koma tizipangizoti tabwera ndi vuto lake: tikayamba kulira, eni nyumba amatitseka pakamwa.

Chaka chatha ndinaona mayi wina ndi ana ake awiri. Kwa masiku atatu onse ankadzuka mutu ukuwawa, wamng'ono akusanza. Tinayeza malungo, sanapezeke, ndipo thupi silinatenthe mwa aliyense. Nditafunsa za kunyumba, anandiuza kuti akatha kuphika nsima amalowetsa mbaula kuti mwana asazizidwe. Kenaka anawonjezera mosalabadira kuti mchimwene wawo anawatumizira kachipangizo kena kopachika pakhoma, koma kankasokosa usiku n'kumadzutsa mwana, ndiye anachotsamo mabatire n'kuika mu tochi. Kachipangizoko kankanena zoona usiku uliwonse.

Carbon monoxide amatuluka pamene makala, nkhuni, gasi, parafini kapena petulo zikuyaka pamalo osowa mpweya wokwanira. Alibe mtundu, alibe fungo, sakutsokomoletsani. Apa ndi pamene ambiri timanamizika. Timati makala akapsa bwino, afiira psuu ndipo utsi watha, ndiye kuti mbaula yakhala bwino kulowa nayo. Utsi watha inde, koma makala ofiirawo akupitirizabe kutulutsa mpweya woipawu, ndipo tsopano palibenso chokuchenjezani m'maso kapena m'mphuno.

M'magazi mwanu muli himogulobini, imene ntchito yake ndi kunyamula okosijeni kuchokera m'mapapo kupita ku ubongo, ku mtima ndi kwina konse. Himogulobini imagwira carbon monoxide mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Choncho ngakhale mpweyawu ukhale wochepa m'chipinda, umalanda malo pang'onopang'ono, ndipo ubongo umayamba kusowa okosijeni. Munthu amamva mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi kusokonezeka maganizo. Wogona samva chilichonse, amangopitirira. Ana amavulala msanga chifukwa amapuma mofulumira, ndipo mwana wosabadwa ali pachiopsezo chachikulu chifukwa magazi ake amagwira mpweyawu kuposa a mayi ake. Inu alangizi a zaumoyo ndi odzipereka m'midzi, gwirani mfundo iyi: anthu a nyumba imodzi akadwala mutu nthawi imodzi, popanda kutentha thupi, n'kumapezako bwino akatuluka panja, funsani za mbaula musanaganize za malungo okha. Ngakhale kachipangizo kopana pachala koyezera okosijeni kamanamizidwa, kamatha kuonetsa nambala yabwino munthu ali pangozi.

Tsopano za kulirako. Alamu ili ndi malankhulidwe osiyana, ndipo kusawadziwa ndi kumene kumachititsa anthu kuichotsa batire.

Ikamangoti tswi kamodzi, n'kukhala chete kwa theka la mphindi kapena mphindi yathunthu, n'kubwerezanso, sikuti kuli ngozi. Ikukuuzani kuti batire latha mphamvu, kapena kuti iyo yomweyo yakalamba. Kawirikawiri zimenezi zimayamba cha m'ma 2 kapena 3 koloko usiku, osati chifukwa cha matsenga, koma chifukwa kuzizira kumafoola batire lomwe latsala pang'ono kutha. Mankhwala ake ndi batire latsopano la mtundu womwewo, loikidwa tsiku lomwelo. Ikapitiriza kulira batire lili latsopano, itembenuzeni muone kumbuyo kwake.

Koma ikalira mokweza, mobwerezabwereza, moti simungathe kugona, imeneyo ndi nkhani ina. Pa alamu zambiri, makamaka zochokera ku America, ya utsi imalira katatu n'kupumira, ya carbon monoxide kanayi n'kupumira. Zina zimayatsa kanyali kofiira kapena kulankhula mawu. Werengani pepala lobwera nayo, ndipo dinani batani loyesera masana banja lonse lilipo, kuti aliyense adziwe kamvekedwe kake.

Alamu ya utsi ikalira chifukwa mwapsereza ndiwo, ndipo mukuona ndi maso kuti palibe moto, dinani batani lake lapakati. Imakhala chete kwa mphindi zingapo, pafupifupi 10, kenaka imayambanso kulondera yokha. Tsegulani mawindo, kupizani utsi utuluke. Batani limeneli analipanga kuti musakhale ndi chifukwa chochotsera batire, poti batire likachoka silibwereranso. Mumati ndibwezera mawa, mawalo n'kukhala chaka. Musaivale ndi pulasitiki kapena sokisi. Ngati ikulira nthawi iliyonse mukaphika, vuto ndi malo: isuntheni ikhale mamita atatu kapena kuposerapo kuchoka pophikira, ndipo isayandikire kubafa kumene kumatuluka nthunzi. Fumbi, akangaude ndi tizilombo tolowa m'kati timailizanso pachabe, choncho muziipukuta.

Alamu ya carbon monoxide ndiyo ndikukupemphani kuti musakangane nayo. Ndi utsi mungathe kuyang'ana n'kunena kuti palibe kanthu. Ndi mpweya uwu mulibe diso kapena mphuno yotsutsira. Muyezo wa ku Ulaya wotchedwa EN 50291 umati alamu ilire pakati pa mphindi 60 ndi 90 ngati mpweyawu wafika magawo 50 pa magawo miliyoni imodzi, pakati pa mphindi 10 ndi 40 ukafika magawo 100, ndipo pasanathe mphindi zitatu ukafika magawo 300. Tanthauzo lake n'lakuti alamuyi siilira mwaphuma. Pamene ikulira, ndiye kuti mwina mwakhala kale mukupuma poizoni kwa ola lathunthu. Tulutsani ana ndi aliyense panja, siyani zitseko ndi mawindo zotsegula, tulutsani mbaula kapena zimitsani chimene chikuyaka ngati mungathe kutero mosachedwa, ndipo musabwererenso kukagona chifukwa choti alamu yasiya. Aliyense amene akumva mutu, akusanza, wasokonezeka, anakomoka, kapena ndi woyembekezera, apite kuchipatala usiku womwewo. Mkaka suchotsa poizoni ameneyu, ndipo kumwetsa munthu wokomoka kungamutsamwitse. Chimene chimachotsa ndi okosijeni. Ndi mpweya wamba wa panja pamatenga maola anayi kapena asanu kuti theka la poizoniyo lichoke m'magazi, pamene ndi okosijeni wa kuchipatala nthawiyo imatsika kufika cha pa ola limodzi ndi theka.

Alamu imakalamba ngakhale ikuoneka yatsopano. Ya utsi iyenera kusinthidwa yonse pakatha zaka 10 kuchokera tsiku limene inapangidwa, osati limene munaigula. Ya carbon monoxide imakhala zaka zapakati pa 5 ndi 10, malinga ndi mtundu wake, chifukwa mankhwala a m'kati mwake amene amamva mpweyawo amatha mphamvu. Tsikulo limalembedwa kumbuyo. Batani loyesera likhoza kuliza alamu yokalamba bwinobwino, koma zimenezo zikungosonyeza kuti batire ndi kaliridwe zili bwino, osati kuti ikumvabe mpweya. Ichi n'chifukwa chake ndimadandaula ndi alamu zopezeka pa katundu wa kaunjika. Zambiri eni ake anazitaya chifukwa zinatha nthawi. Musanapereke ndalama, tembenuzani muwerenge chaka. Palinso zina zokhala ndi batire lomatiridwa m'kati lokhala zaka 10. Zimenezi zikayamba kuti tswi musavutike kuzitsegula, zimangofunika kusintha.

Kwa abale athu amene akuchita lendi ku England, lamulo lili kumbali yawo. Kuyambira mu October 2015 mwini nyumba ayenera kuika alamu ya utsi pa nsanja iliyonse yogonamo kapena kukhalamo anthu, ndipo kuyambira pa 1 October 2022 ayeneranso kuika ya carbon monoxide m'chipinda chilichonse chokhalamo anthu chomwe muli chipangizo chokhazikika choyaka moto, kupatula chitofu cha gasi. Akauzidwa kuti alamu yawonongeka ayenera kuikonza kapena kuisintha, apo ayi atha kulipitsidwa chindapusa chofika mapaundi 5,000. Choncho m'bale wanu akakuuzani pafoni kuti wangoitsitsa n'kuiika m'dirowa, muuzeni alembere mwini nyumba.

Kuno kwathu chiopsezo chikukula m'njira imene ambiri sitikuiona. Nyumba yaudzu inkapuma yokha. Nyumba ya lero ya malata, siling'i, magalasi ndi zitseko zothina, yotsekedwa paliponse poopa akuba ndi udzudzu, imasunga mpweya ngati botolo. Onjezanipo kuzimazima kwa magetsi, kumene kwalowetsa majenereta m'makhonde otchinga, m'magalaja ndi m'makhitchini poopa kuti angabedwe. Mu December 2024, ku Gudauri m'dziko la Georgia, anthu 12 ogwira ntchito pa lesitilanti ina anapezeka atafa m'zipinda zawo zogona. Apolisi anapeza jenereta itaikidwa m'kati, pafupi ndi zipindazo, magetsi atazima. Malo a jenereta ndi panja, kutali ndi mawindo.

Ndondomeko ya boma yochepetsa kudalira makala, ya 2017 mpaka 2027, imalimbikitsa kuphikira gasi, ndipo mabanja ena m'tauni ayamba kutero. Gasi woyaka bwino amakhala ndi lawi lobiriwira ngati thambo; likamaoneka lachikasu ndi kudetsa mapoto, chitofucho chikutulutsa carbon monoxide ndipo chifunika kukonzedwa. Dziwaninso kuti alamu ya carbon monoxide siimva gasi wotayika mu silinda, ndipo alamu ya utsi siimva carbon monoxide, pokhapokha zitalembedwa kuti ndi ya zonse ziwiri.

Ine maganizo anga ndi akuti banja lophikira makala likakhala ndi ndalama ya alamu imodzi yokha, liyambe ndi ya carbon monoxide, n'kuiika pakhoma pafupi ndi kogona, pamene ingadzutse munthu wamkulu. Koma alamu si chilolezo chogona ndi moto. Mayi ndinamutchula uja tinamusunga pa okosijeni ndi ana ake mpaka madzulo. Potuluka tinagwirizana kuti mabatire abwerere m'malo mwake, mbaula izizimitsidwa panja asanagone, ndipo wamng'onoyo azimuveka chipewa ndi masokisi n'kumufunditsa bulangete lachiwiri.