Namondwe ndi mbalame za m'nyanja ya mchere zosochera kumtunda

Pakati pa miyezi ya Novembala ndi Epulo, pomwe anamondwe amabadwa m'nyanja ya mchere ya India, maiko a kumtunda m'chigawo chino cha Africa amalandira alendo omwe ndi anthu ochepa amawazindikira. Izi ndi mbalame zomwe moyo wake wonse zimakhala pakati pa nyanja, koma mphepo imazikankhira makilomita mazanamazana kutali ndi gombe.

Mbalame yomwe imapezeka kawirikawiri motere ndi sooty tern, yakuda pamsana, yoyera kumimba, ya mchira wamphanda. Imaswana pa zilumba za pakati pa Mozambique ndi Madagascar monga Europa komanso Juan de Nova, komwe kumasonkhana mbalamezi zoposa miliyoni imodzi. Njira ya anamondwe ambiri olowera ku Mozambique imadutsa m'madzi omwewa.

Kum'mwera kwa dziko lapansi, mphepo ya namondwe imazungulira monga muvi wa wotchi, ndipo pakati pake pamakhala malo a bata otchedwa diso. Mbalame yomwe yakodwa m'disomo siingaboole khoma la mphepo yamkuntho loizinga, choncho imauluka limodzi ndi namondweyo mpaka kumtunda. Zina zimangokokedwa ndi mphepo ya m'mbali. Namondwe akafika pamtunda amasowa madzi ofunda omwe amam'patsa mphamvu, diso limafafanizika, ndipo mbalame zotopa zija zimatsikira pa madamu, mitsinje ndi nyanja zomwe zili pafupi.

Izi zidaoneka poyera mu Januwale 2021. Namondwe Eloise atawomba pafupi ndi mzinda wa Beira pa 23 mwezi womwewo n'kupitirira kum'mwera kwa Zimbabwe ndi kumpoto kwa South Africa, mbalame za sooty tern zidaoneka m'madera angapo a kumtunda, kuphatikizapo nkhalango ya Kruger.

Zambiri sizibwerera kwawo. Nthenga za sooty tern zimalowa madzi msanga kotero siingathe kupuma nthawi yaitali pamadzi ngati bakha, komanso idazolowera kugwira tinsomba tomwe nsomba zikuluzikulu za m'nyanja ya mchere zimathamangitsira pamwamba. Pa damu palibe zotere. Vuto la nthenga lilinso ndi mbalame ya frigatebird, ngakhale kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2016 adaonetsa kuti za ku Europa zimatha kukhala mlengalenga kwa miyezi iwiri osatera.

Dziko la Malawi lili m'njira yomweyi. Anamondwe a Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 onse adakantha chigawo cha kum'mwera, komwe kuli Nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh, malo awiri olembedwa pansi pa pangano la Ramsar. Komatu pa nthawi yotereyi misewu imaduka ndipo aliyense amakhala kalikiliki kupulumutsa anthu, monga kuyenera kutero. Freddy yekha adapha anthu oposa 600 m'dziko muno. Mbalame yachilendo imafa m'bango popanda woilemba.

Apa m'pomwe ogwira ntchito m'boma angathandize popanda ndalama zoonjezera. Alangizi a zausodzi, alonda a nkhalango zotetezedwa ndi oyeza mvula ali kale m'malo amenewa, ndipo ambiri ali ndi lamya zojambula. Chithunzi chokhala ndi tsiku ndi dzina la malo, chikatumizidwa ku nthambi yoona za nyama zakutchire kapena ku bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, chingayerekezedwe ndi njira ya namondwe yomwe nthambi yoona zanyengo idalemba. Buku la The Birds of Malawi la m'chaka cha 2006, lomwe lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, lidatuluka anamondwe atatu aja asanafike.

Mbalame yopezeka yakufa isagwiridwe ndi manja chabe. Chimfine cha mbalame chidapha mbalame za m'gombe zikwizikwi ku South Africa mu 2021, choncho alangizi a za ziweto adziwitsidwe msanga.