Ndani akusunga maina a nyama zathu?

Mu caka ca 2005, katswiri wa zamoyo, Julian Bayliss, anali kuyang'ana zithunzi za dziko lathu pa Google Earth. Anaona nkhalango yaikulu pa phiri la Mabu, m'boma la Lugela, ku Zambézia. Mu 2008 gulu la akatswiri linakwera phirilo, ena ocokera ku Kew ku England, ena a kuno kwathu ku Moçambique. Manyuzipepala a kunja anafuula kuti yapezeka nkhalango yotayika.

Ife tikufunsa: inatayika kwa yani? Anthu a ku Mabu akhala akusaka m'nkhalangomo kuyambira kale. Pa nthawi ya nkhondo ambiri anabisala momwemo. Alenje a komweko ndiwo anaonetsa alendo aja njira.

Sitikunyoza nchito ya akatswiriwo. Inali nchito yabwino. Anagona m'thengo, anayeza nyama, anazifanizira ndi zina, analemba. Mu 2009 analengeza njoka imene inali isanalembedwe m'buku lililonse, Atheris mabuensis. Mu 2010 analengeza nadzikambe, Nadzikambia baylissi. Mu 2012 unabwera mleme, Rhinolophus mabuensis.

Tawerenganinso dzina laciwirilo. Nadzikambia. Ndi liwu lathu lomwe lija, nadzikambe, angolibveka jekete la Cilatini! Liwu la agogo athu lalowa m'mabuku a dziko lonse. Nanga ife eni liwu, ndi angati amene tinamva? Nkhanizi zimalembedwa m'Cingelezi, m'magazini amene safika pa mudzi. Mwana wa ku London angathe kuona cithunzi ca njoka ya ku Mabu, pamene mwana wa ku Angónia sadziwa kuti iliko. Zimenezi sitizivomera.

Koma mlandu wina uli pa ife tomwe. Alipo anzathu amene amaseka. Amati: "Nadzikambe sadyedwa. Mleme sugulitsidwa. Tiziwerengere ciani?" Anzathuwa alakwa. Mwini mbuzi amene sadziwa kuti m'khola muli zingati, fisi amamubera iye ali m'tulo, ndipo m'mawa sadandaula n'komwe. Mu 2024 akatswiri anasonkhanitsa zimene anapeza pa mapiri pafupifupi 30, kuyambira ku Mulanje m'Malawi mpaka ku Mabu ndi Namuli. Anawerenga mitundu 127 ya zomera ndi mitundu 90 ya nyama imene sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Anapezanso kuti kuyambira caka ca 2000 mapiriwo ataya magawo 18 pa 100 alionse a nkhalango yao yakale. Moto ndi nkhwangwa sizidikira wolemba. Kanyama kokhala pa phiri limodzi lokha, phirilo likapsa, katha.

Ife Anyanja sitifunika kupita ku Zambézia kuti tione zimenezi. Tiyang'ane m'nyanja yathu ya Niassa. Muli mitundu ya nsomba mazanamazana, ndipo yambiri ilibe dzina m'mabuku a sayansi mpaka lero. Boma linaika mbali yathu ya nyanjayi pa citetezo mu 2011. Koma cikalata ca boma sicidziwa nsomba. Amadziwa ndi msodzi wacikulire wa ku Metangula kapena ku Cóbuè. Iye amasiyanitsa utaka ndi utaka unzace. Amadziwa mwezi umene mpasa umakwera mtsinje. Amadziwa nsomba imene inkadzaza bwato ali mnyamata, imene lero saionanso. Zonsezi zili m'mutu mwace. Tsiku la maliro ace tidzaziika m'manda pamodzi naye.

Cifukwa cace tikuti mudzi uliwonse wa m'mbali mwa nyanja ukhale ndi kope lace. Tikhale pansi ndi akuluakulu pa gombe. Tilembe dzina la nsomba m'Cinyanja, malo amene inagwidwa, mwezi ndi caka. A kumtunda alembe mbalame, mbewa ndi njoka. Kopelo lisungidwe pa sukulu, pamene ana angathe kulitsegula. Katswiri akabwera ndi mabotolo ace, timlandire bwino, timuonetse kope lathu, ndipo timuuze kuti asacoke asanalembemo zimene wapeza.