Gasiketi ikapsa kawiri, mlandu ngwa yani?

Amalume anga a ku Nyambadwe mumzinda wa Blantyre ali ndi galimoto yakale ya mtundu wa Toyota Celica, ya zitseko ziwiri, imodzi mwa zija zidapangidwira liwiro. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, ali pamdipiti wa galimoto pamsewu wa ku Chileka, galimotoyo idawira. M'mawa mwake utsi woyera udayamba kutuluka ku ekizozi, madzi a mu radiyeta akungotha, ndipo oyilo adasanduka ngati tiyi wamkaka. Makaniko wa ku Ndirande atayiona adati gasiketi yapsa. Adayikonza masiku awiri, koma pasanathe miyezi itatu idapsanso. Amalume adakwiya nayamba kunena kuti amakaniko a pansi pa mtengo ndi akuba okhaokha. M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti nthawi zambiri gasiketi ikapsa kawiri, mwini galimoto amakhala ndi gawo lalikulu pamlanduwo, ndiponso kuti chimene chikusoweka kwa amisiri athu ndi zida zoyezera ndi malangizo olembedwa m'chiyankhulo chimene iwo amamva.

Poyamba tiyenera kudziwa kuti gasiketi n'chiyani. Injini ili ndi zigawo ziwiri zikuluzikulu. Cham'munsi ndi buloko, momwe muli masilinda ndi mapisitoni, ndipo chapamwamba ndi hedi, imene imavundikira masilindawo. Pakati pa ziwirizi amayalapo chinthu chopyapyala, chokhala ndi mabowo, chimene chimapanidwa ndi mabawuti. Imeneyi ndiyo gasiketi. Ntchito yake ndi kulekanitsa zinthu zitatu zimene siziyenera kukumana: moto wa petulo woyaka m'masilinda, madzi oziziritsa injini, ndi oyilo. Ikabooka, madzi amalowa mu silinda natuluka ngati utsi woyera, mpweya wotentha umalowa m'madzi nuchititsa thovu mu radiyeta, ndipo oyilo amasakanikirana ndi madzi.

Gasiketi siipsa yokha popanda chifukwa. Injini zambiri za zaka za m'ma 1990, kuphatikizapo ya amalume, zili ndi buloko yachitsulo ndi hedi ya aluminiyamu. Zikatentha, aluminiyamu amafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Injini ikawira, hedi imapindika pang'ono, mwakuti siipananso gasiketi mofanana mbali zonse. Kupindikako sikuoneka ndi maso. Pa injini zambiri za Toyota, buku la kufakitale limalola kupindika kosapitirira mamilimita 0.05, kumene n'kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Choncho amene wangochotsa gasiketi yakupsa n'kuikapo yatsopano pansi pa hedi yopindika, wangotaya ndalama.

Ntchito yolongosoka imayenda motere. Akachotsa hedi, amayeza ndi chitsulo chowongoka bwino kuti aone ngati yapindika, ndipo amayesanso ngati ili ndi ming'alu. Ikapezeka yopindika, amapita nayo kumalo kumene kuli makina oyipala mpaka isalale, zimene amakaniko amati kusikima. Kenaka amatsuka pamwamba pa buloko ndi m'mabowo a mabawuti. Pomanga, mabawuti amamangidwa motsatira ndondomeko, kuyambira pakati kupita m'mbali, pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, ndi sipanala yapadera yotchedwa torque wrench imene imasonyeza mphamvu imene wamangira. Pa injini zina mabawuti amatamuka akamangidwa, motero sayenera kugwiritsidwanso ntchito. Pamapeto pake amathira oyilo watsopano nafufuza chimene chidawiritsa injini poyamba paja: kaya ndi radiyeta yotsekeka, fani yosazungulira, paipi yodontha kapena pampu yamadzi yotha.

Tsono tiyeni tibwerere kwa amalume. Ine ndidalipo tsiku limene ankagwirizana mtengo. Makaniko uja adati, "Bwana, hediyi tipite nayo akayisikime, ndipo radiyetayi ndi yofunika kuitsuka." Amalume adayankha kuti, "Achimwene, ndalama zimenezo ndilibe. Ingoikanipo gasiketiyo, galimotoyi ndikuifuna Loweruka." Pasitolo ya zipangizo padali magasiketi awiri a mitengo yosiyana, ndipo adasankha wotsika mtengo. Galimoto itafanso, mawu onsewa adali atawaiwala. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Masiku awiri amene adapulumutsa adasanduka mwezi wathunthu galimoto ili pamiyala, ndipo adalipira kawiri.

Khalidwe limeneli si la amalume okha. Eni galimoto ambiri amathira madzi a pampopi mu radiyeta m'malo mwa madzi amankhwala oziziritsira injini, poganiza kuti mankhwalawo ndi a kumaiko kozizira kumene madzi amaundana. Saganiza kuti mankhwala omwewo amateteza injini ku dzimbiri limene limatseka radiyeta ndi kudya aluminiyamu. Ena amauza makaniko kuti achotse thermostat, kachipangizo kamene kamatsegula njira ya madzi injini ikatentha kufika pa madigiri pafupifupi 82, namati kuno n'kotentha kale. Chikhalirecho kachipangizoka kamathandiza kuti injini ikhale pa kutentha kumodzimodzi nthawi zonse. Enanso amayenda ndi chitsekerero cha radiyeta chakutha. Mzinda wa Blantyre uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere madzi osatsekera amawira asanafike madigiri 100. Chitsekerero chabwino chimapanikiza madzi kuti asawire mpaka pafupifupi madigiri 120. Chinthu chotsika mtengo chotere chikhoza kupulumutsa injini yonse. Choipitsitsa ndi chakuti muvi wosonyeza kutentha ukakwera, ambiri amapitirizabe ulendo kuti akafike kaye kunyumba, ndipo m'makilomita ochepa amenewo ndi momwe hedi imapindikira.

Wina akhoza kunena kuti ndikuwayikira kumbuyo amakaniko. Zoonadi, alipo ena osakhulupirika amene amalandira ndalama ya chipangizo chatsopano n'kuikapo chakale. Alipo ambiri amene amamanga mabawuti a hedi ndi sipanala wamba atalumikiza paipi, n'kumadalira mphamvu ya mkono. Kumeneku n'kulakwa ndithu, pakuti mkono wa munthu sungayeze mphamvu mofanana pa mabawuti khumi. Umboni wake ndi Toyota Supra imene idatuluka mu 1986. Injini yake ya 7M idatchuka m'maiko ambiri chifukwa cha kupsa kwa gasiketi, ndipo amakaniko a m'maikomo amaloza chala pa mabawuti a hedi amene ankamangidwa mosalimba mokwanira. Ngati kusiyana pang'ono kwa kamangidwe kudavutitsa galimoto zochokera kufakitale, nanga bwanji za pansi pa mtengo wa mango? Komabe tifunse chifukwa chake mmisiri wa ku Ndirande alibe torque wrench. Chida chimenechi ndi chokwera mtengo, ndipo ife amene timamupatsa ntchito timanenerera mpaka atatsala ndi ya chakudya cha tsiku limenelo basi.

Wina anganenenso kuti umphawi ndiwo umatikakamiza kudula njira. Mfundo imeneyi ndi yomveka. Zipangizo za galimoto timaitanitsa kunja, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake idakwera kwambiri. Galimoto ngati Celica, imene kampani idasiya kupanga mu 2006, zipangizo zake n'zovuta kupeza. Koma pachifukwa chomwechi, wosauka ndiye sayenera kugwira ntchito imodzi kawiri. Amene alibe ndalama yosikimitsira hedi lero, kuli bwino ayimike galimoto, akwere minibasi mwezi umodzi akusonkhanitsa ndalama, kusiyana n'kugula magasiketi awiri, oyilo kawiri, ndi kulipira mmisiri kawiri. Hedi nayo ili ndi malire a kusikima. Ikapindika kachiwiri kapena kachitatu imatayidwa, ndipo pamenepo munthu amayamba kufunafuna injini ina.

Nanga tingatani? Choyamba, eni galimoto aphunzire kufunsa mafunso atatu asanapereke ndalama: Kodi hedi mwayiyeza? Mabawuti mumanga ndi chiyani? Chidawiritsa injini n'chiyani? Mmisiri woona sakwiya ndi mafunso otere. Chachiwiri, amakaniko ogwirira ntchito malo amodzi asonkherane n'kugula zida zoyezera zoti azibwerekana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chachitatu, bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, pamodzi ndi sukulu ya MUBAS, imene kale inkatchedwa Polytechnic, akhoza kumakonza maphunziro a masiku ochepa konko kumene amisiri amagwirira ntchito, m'malo modikira kuti iwo asiye ntchito n'kubwera m'kalasi.

Chachinayi chikukhudza ife ophunzira ziyankhulo. Mabuku a kufakitale amene ali ndi manambala onse ofunika adalembedwa m'Chingerezi chovuta kapena m'Chijapani. Amisiri ambiri adaphunzira ntchito poonerera, ndipo ena sadafike patali ndi sukulu, koma mawu a ntchito yawo ali nawo kale: hedi, buloko, kusikima, kuwira. Bungwe la Centre for Language Studies la ku Zomba lidatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000, kusonyeza kuti chiyankhulo chathu chikhoza kufotokoza zinthu mwadongosolo. Palibe chingatiletse ife kupita ku Ndirande ndi ku Limbe, kukalemba mawu amene amisiri amagwiritsa ntchito, n'kukhala pansi ndi ophunzira za uinjiniya kuti tipange timabuku ta Chichewa tofotokoza ndondomeko ya ntchito ngati imeneyi.

Pomaliza, ndinene kuti amalume adabwereranso kwa makaniko yemwe uja, atasowa wina wodziwa injini yakaleyo. Ulendo uno adalola kuti hedi isikimidwe, radiyeta itsukidwe, ndipo torque wrench adakabwereka kugalaja ina. Ntchito idatenga sabata ziwiri, ndipo galimoto ikuyenda mpaka lero. Manja amene adalephera poyamba ndi omwewo amene adakhoza kachiwiri, atapatsidwa nthawi, zida ndi zipangizo zoyenera. Choncho tisanamutchule mmisiri kuti ndi wakuba, tiyambe takumbukira zimene tidamuuza tsiku logwirizana mtengo lija.